Tsiku Limene Wachifuwa Sanatsokomole

Lolemba m'mawa Sajeni wa polisi ya njanji anafika ku shedi ya sitima akukoka mapazi. Mayi ameneyu upolisi unali utamufika m'khosi, ndipo milandu ya pa shedipo ankaidziwa ngati nyimbo ya ku sukulu: uyu wapopa dizilo, uyu wadula waya, uyu wapezeka ataledzera pa ntchito. Tsikulo ankayembekezera zomwezo. Koma atangolowa pa geti anaona bwana Manijala ataima pakati pa njanji, tayi ili paphewa, akukalipira aliyense wodutsa.

"Mukufika nthawi ino, a Sajeni? Atimaliza! Aba pampu ya mafuta ya Malemu."

Musadabwe, Malemu sanali munthu. Pa shedipo panali mitu iwiri ya sitima yakalekale yoyendera dizilo, mapasa enieni ochokera ku fakitale imodzi. Inabwera bwana Manijala asanabadwe n'komwe. Pambuyo pake panabwera mitu ina yatsopano, yonyezimira, ya makompyuta m'kati. Inagwira ntchito pang'ono, inafa, anaidula n'kuigulitsa kwa ogula zitsulo. Koma mapasa aja, ha, ankangokokabe mabogi ngati anachita kulumbira. Kenaka mmodzi anatopa, anamukankhira ku njanji ya kumapeto, udzu n'kumera m'mawilo mwake. Ameneyo ndiye ankamutcha Malemu. Mnzakeyo anali adakali pa ntchito, ndipo dzina lake linali Wachifuwa, chifukwa m'mawa uliwonse akamamuliza ankayamba watsokomola kho! kho! kho! utsi wakuda bii n'kuphimba nyumba zonse zoyandikana ndi shedi.

"Anthu a nyumba yosungira zinthu zakale amugula Malemu," anatero bwana Manijala akupukuta thukuta. "Tamupenta kunja ndi m'kati momwe, akubwera mkuja kudzamutenga. Anati akumufuna wathunthu, ngakhale bawuti imodzi isasowe. Lachisanu pampu inalipo, ndinaiona ndi maso angawa. Geti silinathyoledwe. Ndiye mlonda wa pa geti ndamupereka kale kwa anyamata anu, ali m'chitolokosi. Akapanda kutchula mnzake, akaolera kundende yekha."

"Koma ndiye mwafulumira, bwana."

"Kufulumira? A ku likulu akungondiimbira. Ndipo mumve bwino: kaya ndi ndani, kaya ndi mbale wa ndani, ameneyo ndikufuna amangidwe."

Sajeni anawasiya pomwepo. Anakwera makwerero a Malemu maondo akulira, n'kutsegula chitseko cha m'mbali mwa injini. Ankayembekezera zimene akuba zitsulo amasiya: mapaipi odulidwa ndi sowo, zipsera za hamala, oyilo atatayikira paliponse. Koma ayi ndithu. Pamalo pamene panali pampu panali popukutidwa bwinobwino. Mabawuti onse anali atabwezeredwa m'mabowo mwake. Ndipo kukamwa kwa paipi iliyonse kunali kotsekedwa ndi kansanza komangidwa ndi kawaya, kuti fumbi lisalowe.

Wakuba wanji woopa fumbi? Pa injini yakufa!

Anasolola kansanza kamodzi n'kukatambasula. Kanali kansalu kobiriwira ka timaluwa tachikasu. Nsalu imeneyo anakula akuiona. Inali katani ya pabalaza kwa makolo ake, imene mayi ake anasoka iye ali kamtsikana.

"Mwapeza kanthu?" anafunsa bwana Manijala ali pansi.

"Palibe," anatero Sajeni, kansanza kaja kali kale m'thumba.

*

Mlonda uja ankamutcha a Tochi, chifukwa tochi sinkachoka m'manja mwawo ngakhale dzuwa lili pamutu. Tsopano anali atawalanda tochiyo pamodzi ndi lamba ndi zingwe za nsapato. Anakhala pasimenti, manja ali pamaondo, osadziwa kowaika.

"A Tochi, Loweruka ndi Lamlungu pa geti munali inu?"

"Ndinalipo, mayi. Ndikanapita kuti ine?"

"Analowa ndani?"

"Loweruka kunalowa mvula."

"Nanga Lamlungu?"

"Lamlungu kunali dzuwa, mayi. Dzuwa labwino ndithu."

Sajeni anapuma mozama. Analibe mphamvu zokalipa. Anakhala nawo pansi pomwepo, msana n'kutsamira khoma.

"Musandiseweretse, bambo inu. Chaka chamawa chomwechi mupuma pa ntchito. Mukapita kundende, zaka zonse mwakhala pa geti lija zapita m'madzi. Nanga akazi anu odwala aja adzawatembenuza ndani pabedi?"

A Tochi anayang'ana nsapato zawo zopanda zingwe nthawi yaitali. Koma mawu anatuluka omwe aja.

"Maso angawa akalamba, mayi. Sindinaone munthu."

Sajeni anadzuka, anapukuta fumbi pa siketi, anatulutsa makiyi. Atafika pakhomo, mlonda uja analankhula chapansipansi.

"Mayi, kodi a Fomani adzuka bwanji lero?"

Sajeni anaima, makiyi ali m'manja, osatembenuka.

*

A Fomani ndiwo anali bambo ake. Analowa ntchito pa shedipo ali mnyamata, mapasa aja atangofika kumene penti ikununkhirabe, ndipo anawasamala mpaka mutu wonse unayera. Anapuma kalekale, koma dzina la ufomani, ukapitawo wa amakaniko, linawakanirira. Tsopano mutu wawo unali utayamba kusokonezeka. Ankaiwala kuti adya. Ankabisa nsapato m'kabati ya mbale. Ankafunsa kuti akazi awo abwera liti kumsika, chikhalirecho anawaika m'manda iwo ali pomwepo. Sajeni akapita kukawaona ankamupatsa moni waulemu ngati mlendo wodzawerenga mita ya madzi. Zimenezo zinkamupweteka kuposa china chilichonse.

Dokotala anali atanena kale kuti munthu wotere akasungidwe ku chipatala cha odwala misala, kuja kwa mpanda wautali. Sajeni ndi mng'ono wake anakana. Mayi awo akumwalira anawagwira manja n'kunena kuti, "Bambo anuwa musadzawatsekere." Ndipo Sajeni ankadziwa bwino za makhoti: a Fomani akangoima pamaso pa woweruza, sangawatumize kundende ayi, koma ku mpanda wautali kuja, osabwerakonso.

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Sajeni anayamba kusakasaka zifukwa zoti asakhale iwo. Manja awo ankanjenjemera moti tiyi ankafika pakamwa atatsala theka. Pampu ija inali yolemera kuposa thumba la simenti. Kutseka mapaipi ndi sanza anaphunzitsa amakaniko onse a pa shedipo, ena mpaka kuwamenya makofi akaiwala. Sanza za katani ija mwina anazisiya ku shedi kalekale. Ndipo nkhalamba yoiwala dzina la mwana wake ikagulitsa pampu kwa ndani? Anaziwerengera zifukwazo mumtima mpaka anayamba kuzikhulupirira pang'ono.

*

Moyang'anana ndi geti panali kakhumbi ka mayi wogulitsa tiyi, ndipo nyumba yake inali kuseri kwake. Mayi ameneyu pakamwa pake panalibe buleki. Sajeni anamupeza akukupiza moto, ketulo isanawire n'komwe, dzuwa litakwera kale.

"Iii, a Sajeni, musandiyang'ane choncho, lero zandivuta! Makasitomala onse andithawa, apita kwa uja wa tiyi wamadzimadzi uja. Ndinagonereza, ine! Ine amene!"

"Dzulo masana munali pano?"

"Ndinali kuseriku, ndimachapa. Lamlungu sindigulitsa, mukudziwa. Komatu inu, chiyambireni bizinesi imeneyi sindinagulepo wotchi. Wotchi yanga ndi Wachifuwa. Akangoti kho! kho! mawindo n'kunjenjemera, ine ndadzuka, moto ndayatsa. Lero ndangodzidzimuka kunja kuli mbee, ana achedwa kusukulu, bambo a kunyumba akundinena ulesi."

Sajeni anasiya kusisita maso.

"Mukuti Wachifuwa sanatuluke lero?"

"Anatuluka! Wapita kokatenga miyala monga mwa masiku onse, anthu amuona. Koma wadutsa mwakachetechete ngati wakuba nkhuku. Zovala zanga zinagona pachingwe, taonani, zoyera mbee, mwaye ngakhale pang'ono. Ndinadziwa ine dzulo lomwe, nditaona a Mwaye akukankha wilibala m'katimo thukuta lili kamukamu, kuti pali chimene..."

Mayi uja anadzigwira pakamwa ndi chikupizo chomwe.

"A Mwaye, dalaivala wa Wachifuwa? Lamlungu? Anali ndi ndani?"

"Ine ndimachapa, a Sajeni. Sopo anandilowa m'maso." Anatembenukira ku ketulo. "Mumwa tiyi? Wa inu ndi waulere."

Tiyi waulere kwa mayi ameneyu chinali chinthu chosamveka chiyambire. Sajeni anazindikira kuti akumumvera chisoni.

*

Sajeni anakhala pa mgolo wakutha m'mbali mwa njanji kudikira Wachifuwa. Amakaniko ankadutsa chapatali, aliyense wapeza chochita kumbali ina. Palibe amene anamuseka za kunenepa kwake monga ankachitira masiku onse. Shedi yonse inkadziwa, ndipo shedi yonse inali itatseka pakamwa ngati mapaipi a Malemu.

Dzuwa litapendeka, njanji zinayamba kulira. Wachifuwa anatulukira pa kona akukoka mabogi ake a miyala, penti yake yosuluka, m'mbali mwake muli mizere ya oyilo wa zaka ndi zaka. Sajeni anabadwira m'phokoso la injini imeneyi, ankalidziwa ngati mawu a munthu wa m'nyumba. Lero linali lina. Inkalira mosalala, mofanana, kautsi kopyapyala kakukwera mowongoka.

Injini isanazime n'komwe Sajeni anakwera n'kutsegula chitseko cha m'mbali. Kutentha kunamuwomba kumaso. M'katimo zonse zinali zakuda ndi girizi, kupatula chinthu chimodzi: pampu ya mafuta yofiira psuu, penti yatsopano ya Malemu ikunyezimira.

A Mwaye anatsika pang'onopang'ono akupukuta manja. Anali bambo wamtali, wamawu aakulu, wozolowera kukuwa pamwamba pa injini.

"A Mwaye, dzulo masana munali kuti?"

"Ku mpira! Funsani aliyense!"

"Anawina ndani?"

A Mwaye anayang'ana chitseko chotsegula chija, anayang'ana Sajeni, n'kuponya sanza yawo pansi.

"Chabwino. Ndine. Lembani kuti ndine, ndinachita ndekha."

"Inu mumadziwa kuyendetsa, osati kutchera pampu. Pa shedi pano amene angaitchere injini n'kulira chonchi watsala ndani? Bwana Manijala si mwana, adzafunsa zomwezo. Mudzangolowa awiri ndi a Tochi, mlandu uli pomwepo. Ndiuzeni zoona, ndatopa."

Dalaivala uja anakhala pa makwerero a injini. Mawu ake aakulu aja anachepa.

"Ndinabwera kudzaona ngati mawa adzalire n'komwe. Sabata yonse yathayi amazima panjira, ndipo a ku likulu ananena kuti akangofa kamodzinso, basi, abwere odula zitsulo. Ndili chiimire choncho, ndinangomva kumbuyo kwanga, 'Iwe Mwaye, waima ngati mtengo bwanji? Katenge wilibala!' Kutembenuka, a Fomani. Ovolosi yawo yakale, bokosi la masipanala m'manja, sanza zili m'thumba. A Tochi anawatsegulira geti monga ankachitira kale, mpaka sailuti."

"Inu osawaletsa?"

"Kuwaletsa a Fomani? Inu munayesapo?" A Mwaye anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. "Mukanawaona, a Sajeni. Atangogwira sipanala, manja aja anasiya kunjenjemera. Bawuti iliyonse akuidziwa ngati mwana wawo. Ananditukwana bwinobwino chifukwa ndinaika nati ya bawuti pafumbi. Ine ntchito yanga inali kunyamula basi. Ndinawauza kuti Malemu wagulitsidwa, iwo anangoti, 'Wakufa amadyetsa wamoyo, lamulo la pa shedi ndi limenelo.' Ndipo sananame. Mukuganiza kuti Wachifuwa wafika lero bwanji? Fakitale yake inatsekedwa kalekale, zipangizo zake sizipezekanso kulikonse. Theka la thupi lakeli ndi ziwalo za anzake amene anafa. Moyo wawo wonse a Fomani ankachotsa kwa wakufa n'kuika kwa wamoyo, akuluakulu n'kumawayamikira. Lero zomwezo zasanduka kuba?"

"Malemu ali ndi mwini wake tsopano."

"Ndiye muwauze iwowo zimenezo. Ine ndinalephera." Anatola sanza ija. "Atamaliza anatseka mapaipi a Malemu. Ndinati, a Fomani, mukuvutikiranji, uyu sadzaliranso. Anati, 'Wadziwa bwanji?'"

Sajeni anatseka chitseko cha injini mosamala. Anaganiza zobweza pampu mwakachetechete, koma angaichotse ndani osaiwononga, ndipo bwana Manijala akanamasula bwanji mlonda popanda dzina? Mlandu suola. Ndipo m'chitolokosi muja munali nkhalamba ina, yopanda zingwe za nsapato, yokonzeka kutaya zonse chifukwa cha bambo ake.

"A Tochi sagonamo lero," anatero, osayang'ana dalaivala uja.

"Ndiye mutani?"

Sajeni anali atayamba kale kuyenda.

*

A Fomani ankakhala ndi mng'ono wake wa Sajeni m'nyumba ya kumapeto kwa mzere wa nyumba za ogwira ntchito ku njanji. Mng'ono wakeyo anamuchingamira pa geti, manja ali ndi thovu la sopo.

"Anali pano tsiku lonse dzulo, achemwali. Sanatuluke. Ndikhoza kulumbira."

"Sindinakufunse kanthu."

Pachingwe panali ovolosi yabuluu yochapidwa kumene, madontho a girizi watsopano atakana kuchoka m'maondo. Mng'ono wake anaona kumene maso a Sajeni apita, ndipo anayamba kulira mopanda phokoso.

"Ndinangogona pang'ono masana, kudzuka kulibe. Anabwera madzulo akuimba mluzu. Anadya chakudya chonse, achemwali, mpaka kupempha china. Usiku anagona osadzuka. Chonde, kumbukirani zimene mayi ananena."

"Ndikuzikumbuka. Nanga a Tochi alibe wowalirira?"

Sajeni anazungulira kukhonde. A Fomani anali pampando wawo wansungwi, atameta ndevu, atakhala mowongoka. M'zikhadabo mwawo munali mwakuda. Kuchokera ku shedi kunkamveka Wachifuwa akusuntha mabogi, kulira kwake kosalala kukufika mpaka pakhondepo. Nkhalamba ija inali itapendeketsa mutu, ikumvetsera.

Sajeni anayembekezera moni wa mlendo uja. Koma bambo ake anamuyang'ana, nkhope yonse n'kuwala.

"Mwana wanga wamkulu! Bwera, khala apa. Tamvera. Wamva?"

Miyezi yambirimbiri anali asanamutchule choncho. Sajeni anakhala pa sitepe pafupi ndi mapazi awo ngati kale.

"Ndamva, bambo."

"Sakutsokomolanso. Ana a masiku anowa amati wakalamba, wakalamba. Chitsulo sichikalamba, mwanawe, chimangosowa wochimvera. Ameneyu adzakuikani m'manda nonsenu." Anaseka, anamusisita pamutu ndi dzanja lonunkha dizilo. "Iwe ndiye watopa. Akukugwiritsa ntchito kwambiri ku polisiko?"

"Pang'ono, bambo."

Anakhala choncho kanthawi, akumvetsera limodzi. Sajeni analakalaka dzuwa litaima pomwepo. M'thumba mwake dzanja linakhudza kansanza ka katani kaja, pambali pake pali unyolo wozizira womangira olakwa. Unyolowo sakanautulutsa, zimenezo ankadziwa. Koma zotsalazo panalibe pozithawira.

"Bambo, valani nsapato. Tipite."

"Ku shedi?" Maso awo anawala kwambiri. "Wadwalanso ndani?"

Sajeni anaimirira. Mng'ono wake anali ataima pakona ya nyumba, akupukusa mutu.

"Akukufunani, bambo," anatero Sajeni.

A Fomani sanafunsenso. Nsapato anazipeza okha, pansi pa mpando, n'kumanga zingwe popanda wowathandiza. Ananyamula bokosi lawo la masipanala n'kutsogola, akuyenda chamnyamata moti Sajeni ankachita kuthamangira. Anthu a mumzerewo anatuluka m'makomo. Ena anavula zipewa, ena analowanso m'nyumba msangamsanga. Mayi wa tiyi uja anaima pa kakhumbi kake, kwa nthawi yoyamba alibe mawu.

Patsogolo pa geti la shedi msewu unkagawikana. Kumanzere kunali shedi, kumene Wachifuwa anaima akulira bwinobwino padzuwa la madzulo. Kumanja kunali ofesi ya polisi. A Fomani anakhotera kumanzere osaganiza n'komwe, monga miyendo yawo inachitira moyo wawo wonse.

Sajeni anawagwira pachigongono.

"Uku, bambo."

Nkhalamba ija inaima, inayang'ana dzanja lake, inayang'ana kumanja, kenaka inaseka mokoma mtima.

"Wasokera, mwana wanga. Ku shedi ndi uku."

"Ndikudziwa, bambo," anatero Sajeni, osawasiya mkono.